Buleki Yachiwiri

Mchengawo anayamba kuuona atangogula galimoto ija, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Aphunzitsi, monga mmene msewu wonse unkawatchulira poti ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, anaitenga kwa wogulitsa magalimoto akale, anaisesa, anaitsuka, n'kuimangirira chikwangwani chofiira padenga. M'mawa mwake anapeza mchenga pansi pa mpando. Anasesanso. Patapita mlungu, uli pompo. Ukayatsa fani unkatuluka m'timabowo ta mphepo. Ukakoka lamba unkayoyokera paphewa. Tsiku lina tayala litaphwa anatsegula kumbuyo kuti atenge sipeya, n'kuipeza itakhala pamchenga ngati nkhuku pamazira.

Sunali mchenga wa mumzinda mwawo ayi, uja wofiirira wa omanga nyumba, wokala m'manja. Uwu unali woyera mbee, wosalala, ndipo ukaufumbata unkathawira m'mipata ya zala. Munthu wina akanangotukwana n'kuiwala. Aphunzitsi anabwerera kwa wogulitsa uja.

"Mwabwera kudzaibweza?" anafunsa wogulitsayo, nkhope itakwinyika kale.

"Ayi, galimoto ilibe vuto. Ndikufuna kudziwa za mchengawu."

Munthuyo anawayang'ana ngati kuti mutu wawo sukuyenda bwino, komabe anawauza zomwe ankadziwa. Mwini wake woyamba ankakhala kutali kwambiri, m'mphepete mwa nyanja yaikulu, kumene kuli mapiri a mchenga wokhawokha, ataliatali kuposa nyumba zosanja za pakati pa mzinda. "Ndipo akuti amayenda," anawonjezera. "Chaka chino ali apa, chaka chamawa asendera uko."

Mawu amenewo ndi amene anawazunguza mutu Aphunzitsi. Phiri n'kuyenda? Likupita kuti? Nanga kumene lachokako kumatsala chiyani? Ndipo mchenga wochuluka choncho ukutani pafupi ndi madzi, poti kusukulu anauzidwa kuti mchenga wotere umapezeka kumene kulibe ndi dontho lomwe? Anayamba kuusunga m'botolo la jamu. Wophunzira aliyense wooneka kuti anawerengako mabuku ankafunsidwa, ali pakati posintha giya wosaukayo, ngati akudziwa chomwe chimayendetsa phiri. Mmodzi anati ndi mphepo. Wina anati ndi mafunde amene amalavula mchengawo kumtunda. Namwino wina anangoti, "Aphunzitsi, ndiyankhe funso kapena ndikhote?"

Tsono chochititsa manyazi chake n'chakuti munthu ameneyu, amene anatulutsa madalaivala osawerengeka m'zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, anali asanapitepo kulikonse. Ndati kulikonse. Ulendo wawo unali umodzimodzi tsiku ndi tsiku: kuchokera pa ofesi, kudutsa kuseri kwa msika, kukwera kachitunda kophunzirira kunyamuka osabwerera m'mbuyo, kukathera pabwalo la migolo pomwe anthu amaphunzira kuimika. Mita ya galimoto inkasonyeza mtunda wokwanira kuzungulira dziko kangapo, koma wonsewo anauyenda ngati muvi wa wotchi. "Ndidzapita," ankatero. Ndidzapitayo inakhala ndidzapita mpaka tsiku lomwe dokotala wa maso anawaunika.

Dokotalayo sanazungulire. Anati maso awo akutsekeka kuyambira m'mbali, pang'onopang'ono, ndipo pomwe patsekeka patsekeka basi, sipatsekukanso. Mankhwala odontheza angochedwetsa. Pakati akuona bwino, ngati munthu wosuzumira m'paipi, koma paipiyo izinka nichepa. Zoyendetsa galimoto aiwale, zophunzitsa ndiye asatchule n'komwe. Aphunzitsi anachita mantha, mantha enieni. Anapereka ophunzira awo kwa mnzawo wa pa ofesi, anakhala pakhomo masiku atatu, ndipo tsiku lachinayi anakagula mapu, kope ndi cholembera chofiira. Ngati mapiri aja ati awaone ndi maso awoawo, nthawi yake inali chaka chomwecho, mvula isanagwe.

Akazi awo, amene ankagwira ntchito ku kampani yochapa nsalu za m'mahotela, anangoona tebulo lodyera lasanduka ofesi. Kwa milungu iwiri banja linadyera pamiyendo. Mapu anali atayalidwa tebulo lonse, mbale ya shuga itapsinja ngodya imodzi, botolo la mchenga ngodya ina. Aphunzitsi anayeza msewu ndi ulusi wosokera, kutsatira kukhota kulikonse, kenako n'kuyeza ulusiwo pa lula. Anapeza makilomita 870, ulendo wa masiku awiri. Tsamba loyamba la kope linali la malo othirira mafuta. Lachiwiri linali la milatho. Lachitatu linali la malo opumira pakatha maola awiri alionse, ndipo anawerengera ngakhale nthawi yomwe dzuwa lidzakhale kumaso, kuti pa ola limenelo adzakhale ataima pamthunzi akumwa tiyi. Tsamba lomaliza ndi lomwe ankalikonda, la mafunso okhaokha. Kodi ukaima pafupi umalimva likuyenda? Kodi mitengo yomwe laikwirira imadzatulukanso kumbuyo kwake? Kodi anthu a kumeneko amalipatsa dzina phiri loti mawa lidzakhala kwina?

Lamlungu lina masana akazi awo anatenga kopelo, anavala magalasi, n'kuliwerenga kuyambira pachikuto mpaka kumapeto.

"Mwalemba bwino, abambo. Ngakhale chimbudzi cha pa kilomita 300 mwachipeza. Tsono woyendetsa ali patsamba liti?"

Aphunzitsi anakanda m'mutu. "Zimenezo n'zazing'ono."

"Zazing'ono? Galimotoyo idzakokedwa ndi ulusi wangawu?"

"Ndilankhula ndi alamu."

"Lankhulani nawo. Koma zomwe mukuganiza mumtimamo, zoti mudzayendetsa nokha pang'onopang'ono, muzisiye. Makiyi ndasunga ine."

N'zomwezo ndithu zomwe Aphunzitsi ankaganiza.

Alamu awo, mlongo wa akazi awo, anali makaniko. Kale ankayendetsa malole a maulendo ataliatali mpaka msana unawatsitsa. Galaja yawo inali shedi ya malata kuseri kwa malo otsukira mabasi, pansi pake pakuda bii ndi oilo. Aphunzitsi anakwera minibasi, n'kuwapeza ali pansi pa galimoto ina, miyendo yokha ili kunja.

"Alamu, miyendo ndaiona. Mutu uli kuti?"

"Mutu unatha tsiku lomwe ndinakupatsani mlongo wanga," anayankha makanikoyo akutuluka chagada. "Mwabwera ndi kope? Ndiye ndapalamula."

Zinapezeka kuti msewuwo ankaudziwa. Anapitako kawiri atanyamula simenti. Aphunzitsi anakhala patayala lakutha, kope pabondo, n'kuiwaliratu chomwe anadzera.

"Ndiye n'zoona kuti amayenda?"

"Ulendo woyamba ndinapeza mtengo wa magetsi utamira mpaka m'khosi, mawaya oti ungawagwire uli chiimire. Nditabwerera patatha zaka ziwiri, mtengo uli poyera bwinobwino, koma kasitolo komwe ndinamwa tiyi kulibe. Ndinafunsa kuti mwini wake anasamuka? Anandilozera phiri, akuti sitolo ili m'katimo, mashelefu ndi zonse."

"Nanga phokoso? Limamveka?"

"Mphepo ikamaomba limachita siii, ngati munthu akupeta. Koma ine ndinapitira simenti, alamu, sindinapitire kukamvetsera mchenga. Lembani izi, n'zimene zingakuthandizeni. Tala amathera makilomita khumi ndi limodzi musanafike. Pamenepo muime, muphwetse matayala."

"Kuphwetsa dala?"

"Dala. Theka la mpweya lituluke, tayala litambalale ngati phazi la bakha. Kenako giya yachiwiri, phazi pamafuta, osalichotsa. Ndipo chachikulu ndi ichi: buleki musaikhudze. Pamchenga ukaponda buleki, matayala akutsogolo amakumba dzenje, galimoto n'kugwada. Ikagwada kumeneko mudzadikira thirakitala mpaka ndevu zifike pachifuwa."

Cholembera chinaima. Moyo wawo wonse Aphunzitsi anaphunzitsa kuti ukakayika ponda buleki, ukaona chachilendo ponda buleki, ukapanda kudziwa chochita ponda buleki. Ndiye padziko pomwe pano pali msewu womwe buleki ndiye kulakwa? Anafuna kuuona msewu umenewo pafupifupi ngati mmene ankafunira kuona mapiriwo.

"Ndiye mudzandiyendetsa, alamu?"

"Ine? Msana uwu sundilola kukhala pampando ngakhale ola limodzi. Mukufuna ndikafike kumeneko pamachira? Pitani ndi mlongo wanga. Mchenga umafuna phazi lofatsa ngati lake lija. Vani ya kuntchito kwawo ikabwera kuno, ndimadziwa ndikangoona kilachi kuti mwezi uno anayendetsa ndi iyeyo kapena dalaivala wawo wa chimasomaso uja, chifukwa..."

Mawu anathera m'malere. Makanikoyo anayang'ana sipanala yomwe inali m'manja mwawo ngati aiona koyamba.

"Vani yanji?" anafunsa Aphunzitsi.

Alamu awo anagona chagada n'kulowanso pansi pa galimoto.

"Alamu, ndafunsa."

"Ndili pantchito ine. Pakamwa pandipereka. Zotsalazo mukafunse kunyumba."

Apa mpofunika kubwerera m'mbuyo pang'ono. Galimoto yophunzitsira imakhala ndi buleki yachiwiri kumbali ya mphunzitsi, yolumikizidwa ndi chitsulo ku buleki ya woyendetsa, kuti wophunzira akasokonezeka mphunzitsi aimitse yekha. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo Aphunzitsi anayesa kuphunzitsa akazi awo. Kuchokera panyumba kukafika pamsika anaponda buleki imeneyo kakhumi ndi kanayi. Amayiwo ankawerenga. Pa kakhumi ndi kanayiko anazimitsa injini, anatsika pakati pa mphambano, n'kubwerera kunyumba wapansi. Sanakhalenso pampando umenewo. Kuyambira pamenepo Aphunzitsi ankauza aliyense kuti amayi akunyumba alibe mtima wa pamsewu, ndipo ankanena mwachifundo, akukhulupirira ndithu kuti n'zoona.

Anawapeza akuanula zovala kuseri kwa nyumba.

"Amayi, akuti kuli vani."

Amayiwo anapinda malaya omwe anali m'manja, modekha, mkono uwu kenako uwo. "Mlongo wanga uja pakamwa pake mpobooka," anatero. Analowa m'nyumba, anatenga chikwama chawo, n'kusolola laisensi kuseri kwa khadi la kuchipatala.

Aphunzitsi anaibweretsa pafupi, pakati penipeni pomwe maso ankaona bwino. Inali yeniyeni. Inali ya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo inali itakonzedwanso kamodzi. Pachithunzipo akazi awo anali atavala bulauzi yobiriwira yomwe iwo omwe anawagulira. Mtima unawawa, ndipo manyazi anawagwira mpaka makutu kutentha. Zaka zisanu ndi zinayi akugona nyumba imodzi ndi dalaivala, iwo akuuza anthu za mtima wa pamsewu. Anafuna kukalipa. Koma munthu amabadwa ndi matenda ake, ndipo a Aphunzitsi anali ofuna kudziwa.

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Mtsikana uja munkati sadzayendetsa ngakhale wilibala. Ali ndi sukulu yake masiku ano."

"Uja ankalira pachitunda?"

"Yemweyo. N'chifukwa chake amadziwa kuti munthu akalira pachitunda umamusiya alire, akatha anyamuka yekha."

"Mayeso munakhoza kangati?"

"Kamodzi."

"Ndi migolo yomwe?"

"Sindinagunde ndi umodzi womwe."

Aphunzitsi anakhala pansi pakhonde. "Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanakuuzani mukanafuna kukhala pambali panga kuti muone ngati ndikuthadi. Ndipo tikanabwerera pamphambano paja." Amayiwo anakhala nawo pafupi. "Abambo, kumapiri kwanuko ndikupititsani. Tchuthi ndinapempha kale, tsiku lomwe munagula mapu. Ndinkadikira kuti mufike nokha patsamba losowalo. Koma pali chimodzi. Chitsulo chanu chija chichoke."

"Buleki? Galimoto yophunzitsira yopanda buleki yachiwiri n'chiyani?"

"N'galimoto."

"Sindidzaiponda. Ingokhala, mwina mwake. Chakudza sichiimba ng'oma."

"Phazi lanu silimva za inu. Mumaponda m'minibasi mpaka wokhala kutsogolo kutembenuka. Mumaponda mukuonera mpira. Ine msongolo wangawu mwauponda kangati muli m'tulo? Ndiye ndiyende masiku awiri ndi phazi limenelo lili pabuleki, kenako tikagwade pamchenga chifukwa mwaona khwangwala?"

"Zimenezo alamu anakuuzaninso?"

"Anandiuza kale inu musanagule ndi ulusi womwe. Iyayi, ulusi ndi wanga."

Anakangana mpaka zovala zotsala pachingwe zinazizira. Aphunzitsi sankatha kufotokoza chomwe chinkawawawa. Chiwongolero anali atachipereka kale kwa dokotala. Ophunzira anali atawapereka. Chomwe chinatsala cha ntchito yawo yonse chinali kachitsulo kameneko pansi pa phazi, ndipo popanda iko akanakhala chiyani m'galimotomo, katundu? Pomaliza anapangana. Loweruka masana amayi ayendetsa kuzungulira mzinda, buleki ili pomwepo. Aphunzitsi akaponda ngakhale kamodzi, chitsulo chichoka. Akapanda kuponda, chikhala mpaka kunyanja.

Loweruka Aphunzitsi anakhala pampando wawo wa masiku onse, koma phazi analipinda n'kulikola kuseri kwa chitsulo cha pansi pa mpando. Akazi awo analowa, anasendeza mpando kutsogolo, anakonza magalasi onse atatu osayang'ana kwa iwo, n'kuliza injini. Galimoto inanyamuka osagwedezeka ngakhale pang'ono.

Anali atakonzeka kuona zolakwa, ndipo anazipeza. Dzanja limodzi linali pansi kwambiri pachiwongolero, momwe iwo ankaletsera. Amayiwo ankang'ung'udza kanyimbo posintha giya. Koma giyayo inkalowa ngati mpeni m'mapeyala, ndipo posakhalitsa Aphunzitsi anasiya kuwerenga zolakwa n'kuyamba kungodabwa. Sanadutse kuseri kwa msika. Analowa kanjira kena pakati pa nyumba ziwiri zosanja, komwe iwo ankayesa kuti n'kotseka, n'kutulukira kumbuyo kwa hotela, pomwe panali migolo ya zinyalala ndi ophika atakhala pamakireti akupuma. Mlonda wa pageti anakweza dzanja.

"Adalaivala, lero mwasintha galimoto?"

"Ndatenga ya abambo," anayankha amayiwo.

"Kanjira aka kanayamba liti?" anafunsa Aphunzitsi atadutsa.

"Kanalipo inu musanabadwe. Kutsogoloku kuli kena kotulukira kuchipatala osadutsa pamaloboti."

"Nanga vaniyo, pobwerera m'mbuyo mumaona bwanji, poti ilibe galasi la pakati?"

"Abambo, ndiyankhe kapena ndikhote?"

"Namwino uja munakumana naye kuti?"

"Nkhani yake mwandiuza kokwana makumi atatu."

Pasiteji ina minibasi inatulukira kutsogolo kwawo mosapereka chizindikiro. Phazi linadumpha lokha pansi pa mpando, chitsulo chinaligwira pakakolo, Aphunzitsi anagwira bondo ndi manja onse awiri. Amayiwo anali atachepetsa kale liwiro. Anayang'ana bondolo, anayang'ana thukuta pamphumi pa amuna awo, ndipo pakona ya mlomo panaoneka kuti nkhaniyi idzafika kwa alamu.

Patatha pafupifupi ola anafika kumbali ya mafakitale, kumene Loweruka masana kumakhala zii. Msewu unali wotakata, wowongoka, mageti onse otseka. Aphunzitsi anapumira m'mwamba. Anali atapambana, kunyumba kunali pafupi. Anayamba kuganiza zoti patsamba lachitatu asinthe malo amodzi opumira, poti woyendetsa wotereyu angathe maola atatu osatopa.

Galimoto inachepetsa liwiro n'kuima.

"Mwaimiranji?" anafunsa. Kutsogolo kunali tala yekhayekha, mzere woyera, ndi lole yoimikidwa kutali uko. "Msewu uli mbee."

Amayiwo anangopondabe buleki, maso ali m'mbali mwa msewu.

"Amayi, munthu saima pakati pa msewu popanda chifukwa. Wina akabwera kumbuyoku..."

Pomwepo nsonga za matabwa zinalowa m'maso mwawo, pafupi kwambiri, pamwamba penipeni pa boneti. Kenako njinga yomwe matabwawo anamangidwapo. Kenako munthu woikankha, bambo wamtali wovala malaya achikasu owala, oti ungawaone uli kutsidya la mzinda. Anali atachokera mbali ya Aphunzitsi, mbali yomwe mphunzitsi amayenera kuona woyamba. Anali atatsika m'mbali mwa msewu, atalowa patala ndi katundu wake wautaliyo, ndipo iwo sanaone kanthu mpaka atafika pamphuno pa galimoto. Bamboyo anagwedeza mutu kuthokoza n'kupitirira.

Phazi linali phee pansi pa mpando. Silinagwedezeke n'komwe.

Amayiwo anakhotera pambali n'kuzimitsa injini. Anatembenuka kuwayang'ana amuna awo. Mawu a dokotala ankawadziwa, mankhwala ankawadontheza ndi iwo m'mawa uliwonse, koma kukula kwake kwa chinthucho anakuona pamenepo.

"Simunamuone," anatero motsitsa.

"Sindinamuone."

"Malaya achikasu chonchija."

"Sindinamuone, amayi."

Misozi inalengeza m'maso mwa amayiwo. Anaipukuta msanga ndi kuseri kwa dzanja, anayang'ana kutsogolo, anagwira chiwongolero ngakhale injini inali yozima. Chapatali galu ankauwa kuseri kwa geti ina.

"Chabwino," anatero kenako, akuyesa kuti mawu amveke ngati a masiku onse. "Pangano ndi pangano. Simunaponde. Mwapambana, buleki yanu ikhale."

Aphunzitsi anadziwa kuti akuwapatsa chifukwa cha chisoni, ngati mmene umapatsira wodwala chilichonse chomwe wapempha, ndipo zimenezo zinawawa kuposa laisensi ija. Anasolola phazi pansi pa mpando n'kuliika pafupi ndi chitsulocho. Labala yake inali itaperepeseka mbali imodzi, molingana ndi nsapato yawo. Zaka zonsezi ankanyadira phazi limeneli, kuti n'lachangu kuposa la wina aliyense pa ofesi. Koma phazi lilibe nzeru zake. Limapita kumene maso alituma. Tsopano likanaponda pomwe palibe kanthu, n'kukhala chete pomwe pali munthu.

"Sindinapambane," anatero. "Alamu amatseka nthawi yanji Loweruka?"

"Folo koloko."

"Ndiye tiyeni, tingawapeze atatseka."

Makanikoyo anali akusamba m'manja pamene galimoto inalowa, mlongo wawo ali pachiwongolero. Anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala yomwe anali ataikonza mlungu wonse, anaona nkhope ziwirizo, n'kutsekanso.

"Ndichotse ine?" anafunsa atamva.

"Ndipatseni sipanala. Ndinaika ndekha."

Aphunzitsi anayala katoni pansi, anagwada pakhomo la galimoto, analowetsa mutu pansi pa dashibodi. Zapafupi ankaziona bwinobwino. Mabawuti anali anayi. Atatu anamasuka mosavuta, lachinayi linali ndi dzimbiri ndipo linawatengera nthawi, koma palibe anayesa kuwathandiza. Atatulutsa chitsulocho anachipukuta ndi chiguduli n'kuchipereka kwa alamu awo.

"Mudzapatse mnzanga wa pa ofesi. Yake imalira."

"Pampu ya matayala muli nayo?" anafunsa makanikoyo, akuyang'ana kumbali. "Mukaphwetsa muyenera kudzapopanso pobwera. Tengani yangayi. Ndi fosholo yomwe."

Ananyamuka Lachiwiri dzuwa litatuluka. Anadutsa pa ofesi, anadutsa msika, anadutsa kachitunda kaja, pomwe wophunzira wina anali akubwerera m'mbuyo mnzawo uja atagwira kumutu. Atapitirira sikelo ya malole nyumba zinayamba kutalikirana, ndipo Aphunzitsi anadziwa kuti kuyambira apa sanafikepo chibadwire. Phazi lawo linafufuza pansi kawiri, linapeza kapeti yokha, n'kukhazikika. Kutsogolo ankaona msewu ukupita, wopapatiza, wowala. Kumanja ndi kumanzere kunalibe mdima, kunalibe chifunga, kunangokhala kulibe kanthu, ndipo ankadziwa kuti dziko lonse lomwe sanalionepo likudutsa mmenemo.

"Amayi."

"Ee."

"Kutsogoloku ndikuona ndekha. Za m'mbalimu muzindiuza."

"Zonse?"

"Zonse. Musasiye kanthu."

Amayiwo anaponya maso kumbali. "Mbali yanuyo anthu akuumba njerwa. Pali thanki ya madzi yabuluu, yopendama. Mayi wina akuyanika matumba pampanda. Pamulu wa njerwa pakwera mbuzi zitatu."

"Pamwamba penipeni?"

"Pamwamba penipeni. Iyayi, zinayi. Imodzi yagona."

Aphunzitsi anatembenuza mutu wonse kuti azione, koma anali atadutsa kale.

"Pitirizani," anatero.